Musanathire simenti ya mlongoti, funsani kumene nambala yacokera

Mlongoti wa wailesi suli ngati sofa yakuti mukaiika pakona yolakwika, mawa muikankhira kwina. Mukakumba maenje, mukathira simenti, mukakoka nthambo zomangira, basi wakhala. Ngati malowo munasankha molakwa, anthu a kuseri kwa phiri adzatha zaka akumva phokoso cabe pa wailesi imene tiwauza tsiku lililonse kuti ndi yao. Ndalama imene inalowa pamenepo ndi ya zidziwitso za maliro, ya moni wa pa Sabata, ya amai a pamsika amene analipira kuti tilengeze malonda ao. Madzi akatayika saoleka.

Ife amene tigwira nchito mongodzipereka pa mawailesi a m'madera tidziwa kuti ndalama yoitanira injiniya kuti adzapime malo siipezeka wamba. Conco nchitoyo igwera wacinyamata amene "adziwa kompyuta". Iye atsegula Google Earth, aika kadontho pa phiri, awerenga nambala imene yaoneka pansi pa sikirini, ndipo komiti ikhulupirira. Akabwera wina ndi webusaiti ina yoonetsa nambala yosiyanako, mkangano wabuka. Uyu ati yanga ndiyo yoona, uyo ati yako ndi yakale. Mkangano womwewu uliponso pakati pa anyamata amene aika Wi-Fi kucokera m'tauni kupita ku mafamu, ku masukulu ndi m'makomboni.

Maganizo anga ndi akuti funso lakuti "ndi webusaiti iti yolondola kopambana" litisoceretsa. Mafunso ofunika ndi atatu: nambalayo yacokera ku deta iti, ipima ciani kwenikweni, ndipo nchito imene mufuna kucita ingapirire kulakwa kwa mamita angati. Mukawayankha mudzaona kuti zida zaulerezi ndi zabwino kwambiri posankha phiri loikapo transimita ya FM, koma pazokha sizikwanira kukuuzani kutalika kwa mlongoti wa linki.

Mboni zitatu zomva kwa munthu mmodzi

Pabwalo la mfumu, mboni zitatu zikakamba cimodzimodzi, nduna yanzeru ifunsa kuti: nonse munaona ndi maso, kapena munamva kwa munthu mmodzi? Ngati onse anamva kwa mmodzi, ndiye kuti mboni ndi imodzi cabe.

Ndi mmene zilili ndi mawebusaiti ambiri oonetsa kukwera kwa malo. Palibe webusaiti imene inatuma munthu kudzapima phiri la kwanu. Ambiri atenga manambala ao ku deta imodzi yochedwa SRTM. Mu February 2000, combo ca NASA cochedwa Endeavour cinazungulira dziko kwa masiku 11 cikupima mtunda ndi radar. Cinali ndi maeriyo awiri, ina m'combo momwemo, ina kunsonga kwa mlongoti wa mamita 60 wotuluka pambali. Posiyanitsa zimene maeriyo awiriwo analandira, akatswiri anawerengera kukwera kwa malo pa mtunda pafupifupi 80 peresenti wa dziko lonse, ndipo Zambia yonse ili momwemo.

Kwa zaka zambiri ife a mu Africa tinali kupatsidwa deta imeneyi m'timabokosi ta mamita pafupifupi 90 mbali zonse, kutanthauza kuti malo aakulu ngati bwalo la mpira anali ndi nambala imodzi. Mu 2014 boma la America linatulutsa ya timabokosi ta mamita 30. Mpaka lero alipo mawebusaiti ndi ma app amene akali kugwiritsa nchito ya mamita 90, ndipo sakuuzani.

HeyWhatsThat, imene ambiri aikonda cifukwa ijambula mzere pakati pa malo awiri, iyimirira pa SRTM. Open-Elevation nayonso ndi SRTM. Radio Mobile, pulogalamu yaulere imene anailemba Roger Coudé wa ku Canada, kawirikawiri anthu aidyetsa SRTM yomweyo. Google Earth isakaniza deta yocokera kosiyanasiyana, ndipo pa sikirini siikuuzani kuti nambala ya pamalo anu yacokera kuti. Conco munthu akakamba kuti "ndayesa pa mawebusaiti atatu ndipo onse agwirizana", nthawi zambiri wafunsa mboni imodzi katatu. Ndipo akasiyana ndi mamita awiri kapena atatu, cifukwa cake cingakhale cabe njira imene aliyense agwiritsa nchito poyerekezera nambala ya pakati pa timabokosi.

Nanga SRTM yo ndi yolondola motani? Cimene anailinganizira ndi cakuti pa malo 9 mwa 10 isalakwe kupitirira mamita 16. Atayiyesa pambuyo pake anapeza kuti m'madera ambiri inacita bwino kuposa pamenepo, kulakwa kwake kunali pansi pa mamita 10. Pamalo athyathyathya opanda mitengo, ngati madambo, icita bwino kwambiri. Pamalo otsetsereka kwambiri, ngati m'mapiri a m'mbali mwa cigwa ca Luangwa, radar inasiya mipata pomwe sinaone, ndipo mipatayo inadzazidwa pambuyo pake ndi deta ina kapena mongoyerekezera. Tsoka lake ndi lakuti malo amene ife a wailesi tifuna kwambiri ndi omwewo otsetsereka.

Mboni zina zenizeni

Zilipo deta zina zimene zinapimidwa pazokha, ndipo izi ndizo zoyenera kuyerekezera ndi SRTM.

ASTER ndi ya Japan ndi NASA, inatuluka koyamba mu 2009. Iyo inapangidwa ndi zithunzi ziwiriziwiri zojambulidwa ndi setilaiti kucokera mbali zosiyana, monga mmene maso athu awiri atithandizira kudziwa kutalika kwa cinthu. Vuto lake ndi mitambo ndi malo ofanana mtundu, ndipo idziwika ndi timabampu ndi timaenje tabodza ngakhale pamalo osalala. Ine ndiiika kumapeto.

ALOS World 3D, ya bungwe la JAXA la ku Japan, inacokera ku zithunzi za pakati pa 2006 ndi 2011, ndipo ya mamita 30 ndi yaulere. Ionetsa maonekedwe a mapiri momveka bwino kuposa SRTM m'malo ambiri.

Copernicus GLO-30 inacokera ku masetilaiti awiri a ku Germany, TerraSAR-X ndi TanDEM-X, amene auluka moyandikana ngati mapasa, ndipo anapima pakati pa 2011 ndi 2015. Eni ake akamba kuti pa malo 9 mwa 10 siilakwa kupitirira mamita 4. Mwa zonse zaulere zokuta dziko lonse, iyi ndiyo ndingayambire.

Conco mndandanda wanga ndi uwu: Copernicus poyamba, ALOS yaciwiri, SRTM ya mamita 30 yacitatu, ASTER yothera. Zonsezi mungazitsegule mu QGIS, pulogalamu yaulere ya mapu, ndipo webusaiti ya OpenTopography ikulolani kutenga kagawo cabe ka dera lanu kuti bando isathe. Koma cacikulu si mndandandawo. Cacikulu ndi kuika ziwiri zosiyana gwero pambali pa inzake. Pomwe zigwirizana, khalani ndi mtima m'malo. Pomwe zisiyana ndi mamita 10 kapena 15, lembani malowo papepala, cifukwa ndi komwe muyenera kupita ndi miyendo.

Zipima pamwamba pa mitengo

Cinthu cimene ambiri sadziwa ndi cakuti deta zinai zonsezi sizipima nthaka yeniyeni. Zipima pomwe radar kapena kamera yagunda. M'nkhalango igunda m'masamba ndi m'nthambi, m'tauni igunda pa malata. Radar ya SRTM inali kulowako pang'ono m'mitengo, conco nambala yake siili pansi penipeni ndipo siili kunsonga, ili penapake pakati. Kumbukiraninso kuti February kwathu ndi pakati pa dzinja, mitengo ya miombo ili ndi masamba odzaza.

Manje ganizirani zimene zacitika kucokera mu 2000. Phiri limene linali ndi nkhalango mwina lero ndi loyera cifukwa ca makala ndi minda, ndipo nambala ya pa webusaiti ikali kuwerengera mitengo imene inalowa kale m'masaka. Kwina zili mosiyana: pomwe panali poyera pabyalidwa bulugamu, mtengo umene m'zaka khumi upitirira nyumba ya nsanjika. Mu Lusaka, mzinda wokhala pamalo athyathyathya okwera pafupifupi mamita 1,300, cochinga mafunde kawirikawiri ndi nyumba, matanki a madzi ndi zikwangwani za malonda. Aliyense amene anakulira mumzindawu adziwa kuti madera ambiri amene lero adzaza nyumba anali thengo mu 2000. SRTM siidziwa zimenezo, ndipo ngakhale Copernicus inaima mu 2015.

Vuto lina ndi nsonga za mapiri. Popeza kabokosi kalikonse kapatsidwa nambala imodzi, nsonga yakuthwa isakanizidwa ndi malo otsika ozungulira, ndipo ioneka yaifupi kuposa mmene ilili. Ngati nsongayo ndi pomwe mufuna kuimika mlongoti, palibe vuto, mwapindula. Koma ngati ndi kamtunda kamiyala kamene kali pakati pa situdiyo ndi transimita, pulogalamu idzakuonetsani mzere wobiriwira pomwe pali thanthwe. Kulakwa kwa mtundu uwu kukondera mbali yoopsa nthawi zonse. Culu cacikulu, ngati zija za ku Copperbelt, sicioneka n'komwe.

Ilipo deta yochedwa FABDEM, imene akatswiri a ku Bristol anatulutsa mu 2022 poyesa kucotsa mitengo ndi nyumba pa Copernicus. Ithandiza kudziwa pomwe nthaka ili, koma kwa ife mitengoyo ndiyo ichinga mafunde, conco mukaigwiritsa nchito muyenera kubwezerapo mitengo nokha.

Kodi mamita 10 ali ndi kanthu?

Apa ndi pomwe mikangano yambiri itaya nthawi, cifukwa yankho lidalira nchito.

Tiyambe ndi FM, imene iulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Pali kawerengedwe kosavuta kodziwira pomwe eriyo "iona" pamalo osalala: tengani square root ya kutalika kwake m'mamita, mucurukitse ndi 4.12, mupeza makilomita. Mlongoti wa mamita 30 pamalo athyathyathya uona makilomita pafupifupi 23. Mukaonjezera mamita 10 a zitsulo, zimene ndi ndalama yambiri, mufika pa 26. Koma mlongoti womwewo wa mamita 30 mukauika pa phiri lokwera mamita 200 kuposa malo ozungulira, uona makilomita 62. Tiyerekeze kuti webusaiti inalakwa ndi mamita 10, phirilo ndi 190. Mupeza 61. Kusiyana kwake sikufika makilomita awiri. Mphamvu ya transimita ndi mtundu wa eriyo nazonso zili ndi mbali yake, koma mfundo yaoneka: phiri ndi mlongoti waulere, ndipo pa FM kulakwa kwa mamita 10 sikusintha cosankha canu.

Cimene cisintha ndi maonekedwe a dera lonse. Akatswiri sawerengera kukwera kucokera pa nyanja. Aona kuti eriyo yakwera motani poyerekeza ndi malo apakati pa makilomita 3 ndi 15 kucokera pa mlongoti, mbali iliyonse payokha. Phiri lingakhale lalitali pa nambala, koma ngati kum'mawa kwake kuli mtandadza wina wofanana nalo, midzi ya kuseri kwa mtandadzawo ikhala mumthunzi. Aliyense amene anakhalako ku Chipata, tauni yozingidwa ndi mapiri, kapena ku Katete m'munsi mwa mapiri a Mphangwe, adziwa kuti wailesi imveka bwino apa, mukakhota pang'ono yazilala. Chipata ili pamwamba pa mamita 1,000, Mfuwe ili pansi pa 600. Pa kusiyana kwa mamita mazana otere, deta iliyonse mwa zinai zija ikuuzani zoona. Apa ndi pomwe Radio Mobile ionetsa phindu lake, cifukwa ijambula mapu oonetsa kumene mafunde afika ndi kumene kuli mthunzi, ndipo mungayese mapiri asanu madzulo amodzi musanaononge dontho la petulo.

Manje tibwere ku linki. Situdiyo ili m'tauni, transimita ili paphiri, ndipo mau ayenera kucoka uku kufika uko. Mawailesi ambiri ang'onoang'ono, monganso anyamata a Wi-Fi, agwiritsa nchito timadishi ta 5.8 GHz cifukwa ndi tochipa. Funde la FM ndi lalitali mamita atatu, ndipo likhotako likafika pamphepete mwa phiri ngakhale lifooka. Funde la 5.8 GHz ndi masentimita asanu cabe. Ilo likapeza thanthwe kapena mtengo wa mango wodzaza masamba, ulendo wathera pomwepo.

Ndiponso kuonana cabe sikukwanira. Mafunde sayenda m'kamzere koonda ngati ulusi. Afuna mpata wooneka ngati mbatata yaitali, yoonda kumapeto konse, yonenepa pakati, umene akatswiri auchula ndi dzina la Fresnel, wasayansi wa ku France. Pa linki ya makilomita 20 pa 5.8 GHz, pakati penipeni mpatawo utsika mamita 16 pansi pa mzere woongoka, ndipo lamulo la nchitoyi ndi lakuti magawo 6 mwa 10 akhale opanda cochinga. Amenewo ndi mamita pafupifupi 10. Dziko nalonso ndi lobulungira, conco pakati pa makilomita 20 nthaka itukuka ndi mamita ena pafupifupi 6. Pamodzi ndi 16. Ikanipo mtengo wa mamita 15, mupeza kuti mzere wanu uyenera kudutsa mamita 31 pamwamba pa nthaka ya pakati.

Onani bwino manambalawo. Mpata wonse umene muusunga ndi mamita 10, ndipo deta imene mudalira ingalakwe ndi mamita 5, 10 kapena kuposa pa kamtunda kakuthwa kokhala ndi mitengo. Kulakwa kwa cida kungadye mpata wonse. Ndiye cifukwa cake linki ina igwira bwino mu August mitengo itayoyola masamba, kenaka mu January iyamba kudukaduka, ndipo anthu ayamba kunena dishi kuti ndi yabodza. Dishi ilibe mlandu. Mitengo yavala.

Foni nayonso siikamba zoona zonse

Wina adzati, ndiye tingokwera phirilo ndi foni, GPS itiuze. Kukwerako ndi kwabwino, koma nambala ya kutalika pa foni musaikhulupirire msanga. GPS ilakwa kwambiri pa kutalika kuposa pa malo, cifukwa masetilaiti onse amene foni iona ali kumwamba, palibe ali pansi pa mapazi anu. Imirirani malo amodzi mphindi zisanu, mudzaona nambala ikwera ndi kutsika yokha. Kuonjezera apo, pali "ziro" ziwiri. GPS iwerengera kucokera pa dziko losalala la masamu, pomwe mapu awerengera kucokera pa mlingo wa nyanja, ndipo ziwirizi m'madera ena a dziko zisiyana mpaka mamita 100. Ma app ena akonza kusiyanaku, ena sakonza, ndipo ambiri sakuuzani.

Phunziro lake ndi lakuti musasakanize. Pa linki, cofunika ndi kusiyana kwa malo atatu: pomwe muyambira, pomwe muthera, ndi cokwera ca pakati. Ngati deta yalakwa ndi mamita 8 mofanana ponseponse, kulakwako kudzicotsa kokha. Koma mukatenga nambala ya phiri pa foni, ya situdiyo pa Google Earth, ya pakati pa SRTM, mwadzipangira vuto limene panalibe. Mafoni ena ali ndi kacida kopima kulemera kwa mpweya, ndipo aka ndi kabwino popima kusiyana kwa tsinde la phiri ndi nsonga yake, bola mukwere mosacedwa, cifukwa mpweya usintha m'kati mwa tsiku.

Kulakwa kwakukulu kopambana sikucokera kwa NASA ai, kucokera ku zala zathu. Chipata ili pafupi ndi madigiri 13 ndi mphindi 38 kum'mwera. Wina alemba 13.38 m'malo mwa 13.63, ndipo wasuntha mlongoti ndi makilomita 28. Wina aiwala kacizindikiro kocotsera kutsogolo kwa nambala, ndipo pulogalamu imuonetsa malo a ku Sudan. Wina adula nambala pa malo atatu pambuyo pa kadontho, osadziwa kuti 0.001 ya digiri ndi mamita 111, okwanira kukutsitsani kucoka pansonga kufika m'mbali mwa phiri. Mapu akale a boma a 1:50,000 ndi cuma cenicenicho cifukwa aonetsa zipilala zimene opima malo anamanga pamwamba pa mapiri, koma ambiri anajambulidwa pa muyeso wa Arc 1950, umene ungasiyane ndi wa GPS ndi mamita oposa 100. Musanakangane za mamita atatu, onani kaye ngati nonse mukamba za malo amodzi.

Amene atsutsa ali ndi mfundo

Pali anzanga amene akamba kuti zonsezi ndi kudzivuta. Ati wailesi ya m'mudzi siisankha phiri ndi masamu. Ipita pomwe mfumu yapereka malo, pomwe pali mseu ndi magetsi a ZESCO, pomwe mlonda angagone, kapena ilipira lendi pa nsanja ya kampani ya mafoni imene ilipo kale. Ndi zoona. Phiri labwino kopambana pa mapu lingakhale lopanda njira, lokonda mphezi, ndi losavuta kwa akuba mabatire ndi nthambo. Palibe webusaiti imene ionetsa zimenezo. Koma mfundo yao ilimbitsa yanga. Ngati muli ndi malo awiri kapena atatu cabe otheka, ndiye kuti kuyerekezera ndi kosavuta ndipo kulibe cifukwa cokulekera. Ngakhale pa nsanja ya lendi muyenera kudziwa kuti dishi yanu ikhale pa mamita 25 kapena 40.

Ena akamba zosiyana: siyirani mainjiniya, inu ndinu oulutsa cabe. Ndivomereza kuti kulimba kwa mlongoti, nthambo ya mphezi ndi kukwera pamwamba ndi nchito ya ophunzira, ndipo apo tisaseweretse moyo wa munthu. Koma komiti imene siidziwa kufunsa igula ciliconse cimene yauzidwa. Safunsa anadya phula. Injiniya wabwino sakwiya mukamufunsa kuti wagwiritsa nchito deta iti, ndipo waonjezera mamita angati a mitengo. Amene akwiya ndi mafunso awiriwa, muganizirenso. Kumbukiraninso kuti laisensi youlutsira icokera ku IBA, frequency icokera ku ZICTA, ndipo malo amene mwalembetsa simungowasintha mmene mwafunira. Kusamuka pambuyo pake ndi mapepala atsopano, simenti yatsopano ndi miyezi ya cete.

Zimene ndipempha tizicita

Pa FM, gwiritsani nchito Radio Mobile kapena pulogalamu ina yofanana nayo kuyerekezera malo onse otheka, ndipo muyang'ane kwambiri kumene anthu akhala. Mapu ofiira bwino pamwamba pa nkhalango yopanda anthu alibe phindu ngati mudzi waukulu uli mumthunzi. Lembani maina a midzi, masukulu ndi zipatala zimene zigwera mumthunzi pa malo alionse, mupite nao ku komiti. Anthu asankhe akudziwa amene adzasiyidwa.

Pa linki, jambulani njira yomweyo kawiri, pa Copernicus ndi pa ALOS kapena SRTM, ndipo mukhulupirire imene ikuopsezani kwambiri. Onjezerani mitengo monga ilili m'dzinja, ndi kukula kwake kwa zaka zisanu zikubwera. Ngati pambuyo pa zonsezi mpata wotsala ndi wocepera mamita 10, musagule kanthu musanapite pa kamtundako ndi kuona zimene zilipo.

Kenaka citani mayeso akale amene safuna bando. Mmodzi aime pa situdiyo pamwamba pa denga kapena pa tanki, wina paphiri ndi galasi loonerapo nkhope, awalitse dzuwa. Kuwala kwa galasi kuoneka pa makilomita ambiri kukakhala kulibe utsi, conco miyezi yabwino ndi ya mvula itangotha, moto wa m'thengo usanayambe. Usiku toci yamphamvu icita cimodzimodzi. Ngati simuonana, palibe mzere wobiriwira wa pa kompyuta umene ungakupulumutseni. Ngati muonana, tsikani pang'onopang'ono mpaka kuwalako kusowe, ndipo mamita amene mwatsikawo akupatsani cithunzi ca mpata umene muli nao.

Cothera, funsani eni dera. M'mudzi uliwonse muli culu kapena mtengo pomwe anthu aimirira kuti agwire netiweki. Madalaivala a mabasi a mu Great East Road adziwa makona amene wailesi izimira potsikira ku mlatho wa Luangwa. Abusa a ng'ombe adziwa phiri limene ukaimapo uona magetsi a m'tauni usiku. Iwowa apima dera lao tsiku ndi tsiku, pomwe Endeavour inapita masiku 11 cabe zaka zoposa makumi awiri zapitazo.

Inu acinyamata amene muli ndi laputopu ndi luso la mapu, mawailesi a kwanu akufunani, ndipo nchitoyi mungaiphunzire m'masabata owerengeka. Koma mukapita ku komiti musanyamule nambala imodzi ngati uthenga wocokera kumwamba. Nyamulani ziwiri, mukambe kumene iliyonse yacokera, ndipo mupemphe tsiku limodzi lokwera phiri ndi galasi asanaitanitse matumba a simenti. Mai wa kuseri kwa mtandadza amene ayembekezera kumva mtengo wa soya kapena tsiku la katemera sadzadziwa dzina lanu, koma wailesi yake idzamveka.